Chithunzi Chachitatu cha a Jeremiah Ng'uni

Inu, khalani pansi, lole imeneyo sifika manje. Tulani katundu wanu apo, ndikuuzeni za a Jeremiah Ng'uni a ku Chifunda, aja amayenda atakoleka bolopeni pathumba la malaya ngakhale akupita kukasema mpini. Simuwadziwa? Aaa, ndiye mwatsala nokha m'chigwa chonse cha Luangwa. Ine si wamiseche, Mulungu ndi mboni yanga, koma nkhaniyi ndinaimva kwa akazi awo enieni, a Damaris, amene timaimba nawo kwaya ya amayi, ndipo kotsalako ndinakaona ndi maso angawa.

A Jeremiah anagwirapo ntchito kumigodi ku Mufulira. Ntchito itatha anabwerera kumudzi ndi zinthu zitatu: suti yabulauni, wailesi ya mabatire anayi, ndi chithunzi chimodzi cha m'felemu. Pachithunzicho aima kutsogolo kwa mathithi ojambulidwa pansalu, foni ili kukhutu, nkhope ngati akukalipira nduna, chonsecho chingwe cha foniyo chikungolendewera, sichinalowe paliponse. Mlendo akalowa m'nyumba mwawo ankayamba waonetsedwa chithunzicho, madzi akumwa pambuyo.

“Chithunzi sichifa,” ankatero. “Iwe udzaola, koma icho chidzatsala chikuuza adzukulu kuti unali ndani. Ndiye usamaime pamaso pa kamera ngati munthu wothawa moto.”

Koma kulima ankalima, pamenepo tisawanamizire. Chaka cha 1996 mvula inagwa bwino, ndipo chimanga chawo chinatalika mpaka munthu wokwera njinga osaoneka. Tsono kwathu kuno munda sulima wekha. Umalima ndi anyani, nguluwe ndi njovu, kungoti anzakowa khasu sagwira, amangobwera chimanga chikakhwima. Panali njovu ina yamphongo ya khutu long'ambika imene anthu anaitcha kuti Alamu, chifukwa inkalowa m'munda osaodira, kudya osasamba m'manja, n'kuchoka osatsanzika.

Tsiku lina m'mawa a Jeremiah apita kumunda, apeza Alamu anadzacheza. Theka la munda lagona pansi, mapesi ali balala, mapazi aakulu ngati lichero, ndowe milu milu. Theka linalo linali chiimire, ndipo aliyense amadziwa kuti mlamu akakomedwa ndi ndiwo amabweranso. Likapita lotsalalo, ndiye kuti nkhokwe ikhala nyumba ya makoswe anjala mpaka chaka chamawa.

Anakwera njinga ulendo kukampu ya agemu, aja oyang'anira nyama zakutchire. Mkulu wake anali a Fabian, mwamuna wa ku Kabwe woseka msanga koma wovuta kumunamiza.

“Mudala,” anatero a Fabian, “ine ndili ndi masikauti awiri ndi mfuti imodzi. Aliyense wobwera pano akuti njovu yamaliza munda. Sabata yatha tinayenda mpaka nsapato kulira, kukapeza kuti ndi mbuzi za apongozi ake. Manje ndifuna umboni. Bweretsani chithunzi ndione mmene yaonongera. Chikandikhutiritsa, anyamata akamanga msasa kumunda kwanu, aziiopseza mpaka mukolole.”

Inu, tamverani. Mawu onsewo a Jeremiah anamvapo amodzi okha: chithunzi. Njovu inatuluka m'mutu, munalowa suti.

Mwamwayi sabata imeneyo Friday Kumwenda anali pasukulu. Friday ndi wojambula uja wa ku Chama boma, amazungulira midzi panjinga kamera ili m'khosi ngati chithumwa. Anali atajambula timu ya netibolo, maukwati awiri ndi ng'ombe ya munthu wina ku Tembwe.

“Pafilimu patsala malo atatu basi,” anawachenjeza. “Atatu, mudala. Akatha ndiye mpaka ndikafike ku Lundazi. Ndibwera Lachinayi dzuwa likapendeka.”

A Jeremiah anafika kunyumba akupuma ngati mvukuto. “Nyazimba!” Ndi mmene amaitanira akazi awo. “Lachinayi kubwera wojambula. Kumunda.”

“Kumunda? Mmene muliri muja?”

“Chithunzi chake chipita kwa agemu. Mwina ku boma. Ndani adziwa, mwina mpaka ku Lusaka.”

A Damaris anagwira pakamwa. Musawaweruze, amayi anzanga, nanunso mukadachita zomwezo. Kodi mlendo akamabwera timatani? Timasesa! Anthu a ku Lusaka aone chithunzi, azikati mkazi wa a Ng'uni ndi waulesi, amakhala pakati pa ndowe? Lachitatu lonse anathera m'munda ndi tsache ndi beseni. Ndowe zonse anakataya kudambo. Mapazi a Alamu anawafufuta limodzi limodzi mpaka pansi panasalala ngati pakhonde la abusa. M'mphepete mwa mundawo muli mtengo wa mfula, zipatso zake zinali mbwee pansi, zina zoola, zonunkhira ngati mowa wa dzulo. Zimenezonso anazisesa bwinobwino, n'kuziunjika mulu umodzi waukulu kuseri kwa mtengo.

A Jeremiah nawonso sanakhale. Anaima n'kuyang'ana mapesi ogonawo, mtima unawawa. “Mlimi ngati ine, adzukulu adzaone chimanga chogona ngati zidakwa?” Anadula timitengo, anasenda luzi, n'kuyamba kudzutsa phesi lililonse lothyoka, kulimangirira, kulumikiza luzi kuchoka mzere uno kufika mzere uwo. Pofika Lachinayi masana munda unali utauka kwa akufa. Umboni wonse unali utathera m'beseni, wina uli chilili pa timitengo.

Friday anafika, anatsika panjinga, anayang'ana uku ndi uku.

“Munda woonongekawo ndi uti?”

“Ndi uno,” anayankha a Jeremiah, atavala suti, tayi, nsapato zopaka mafuta ophikira, wailesi m'khwapa.

“Waonongeka pati?”

“Iwe jambula. Zofotokoza ndikafotokoza ndekha pakamwa.”

Friday ndi munthu wa bizinesi, satsutsa kasitomala. Choyamba anajambula awiriwo ataima pamodzi, manja m'mbali, nkhope zouma ngati akuyembekezera jekeseni. Kenaka a Jeremiah anati chachiwiri chikhale chawo okha. Anathyola chimanga chachikulu kuposa zonse, anakaima pafupi ndi mtengo wa mfula, dzanja lotambasulira kumbali kuti chimangacho chioneke bwino.

Tsoka silinunkha, amatero akuluakulu. Koma mfula zimanunkha. Kwa njovu, fungo la mfula lili ngati belu la chakudya kusukulu yogonera komweko. Masiku onse Alamu ankavutika kutola chipatso chimodzi chimodzi m'maudzu, lero apeza munthu wachifundo wawaunjikira m'mbale imodzi. Akadikiriranji kuti kude? Ndipo njovu, ngati simudziwa, ndi yaikulu ngati nyumba koma imayenda ngati mphaka.

Friday anatsinzina diso limodzi, lina pakamera. Anaona suti. Anaona chimanga. Kenaka anaona kuti kuseri kwa mtengo kwamera mwala waukulu wotuwa umene panalibe poyamba, ndipo mwalawo uli ndi khutu long'ambika.

“Mu... mudala,” mawu anatuluka ngati a mwanapiye, “musagwedezeke.”

“Sindigwedezeka. Tayi yakhala bwino?”

“Yakhala bwino.”

“Nanga Nyazimba watong'olanji maso? Nyazimba, sunaonepo mwamuna wako atatchena?”

A Damaris anali chiimire pambali pa Friday, pakamwa pali yasa, mawu atawathawa. A Jeremiah anaganiza kuti ndi chikondi. Anamwetulira, mano onse panja, kumwetulira kumene sanamwetulirepo chichokere ku Mufulira. Friday, kaya ndi kulimba mtima kaya chala chinangonjenjemera chokha, anadina. Khethe!

Pomwepo mawu a a Damaris anabwerera onse nthawi imodzi. “Alamuuu!”

A Jeremiah anacheuka. Chitamba chinali pafupi ndi chimanga cha m'dzanja lawo, chikununkhiza mwaulemu. Inu, ndaonapo agwape akuthamanga, koma akuti mdala uja anadumpha asanaganize kuti alowera kuti. Analowera m'munda. M'munda momwe muja anamangamo luzi mzere ndi mzere! Mwendo unakola luzi loyamba, anagwa chafufumimba, wailesi uko, nsapato uko. Podzuka anakola lachiwiri. Luzi linakoka timitengo, timitengo tinakoka mapesi, ndipo theka lonse la munda limene analiukitsa kwa masiku awiri linagonanso pansi kamodzi, waaa! Thalauzi ya ku Mufulira nayo inati pano ndiye ndalekeza, kweee, kuyambira palamba mpaka pakati pa miyendo.

Friday pothawa chambuyo anapunthwa pamzere, anagwa chagada, kamera inalira yokha kachitatu. Khethe! Filimu yatha.

Chonsecho Alamu sanathamangitse munthu. Anatola wailesi ndi chitamba, anaigwedeza, anaona kuti sidyeka, anaiponya kudambo. Anamaliza mulu wa mfula, anatsukuluza m'kamwa ndi mizere iwiri ya chimanga, n'kusiya umboni watsopano wofuka nthunzi pamalo pomwe a Damaris anasesa. Koma wojambula anali kale pamtunda wa mailo imodzi, njinga ataiiwala.

Filimu inapita kukatsukidwa ku Lundazi, masiku khumi. Masiku khumi amenewo banja lonse linathera kumunda, kuimba zitini, kusonkha moto, kukuwa mpaka mawu kusasa. Alamu zitini anazizolowera kalekale, amaziona ngati kwaya yowaimbira pakudya. Ankabwera, kudya mizere ingapo, n'kupita. Theka lotsala lija linayamba kuchepa ngati sopo wa pachitsime.

Tsiku la khumi ndi limodzi Friday anabwera ndi envulopu, akuyang'ana kumbali, milomo ataluma.

Choyamba chinali bwino, kungoti mitu inadulidwa pang'ono pamwamba. Chachiwiri, aaa, chachiwiri! A Jeremiah akumwetulira ngati mkwati, suti ikuwala, chimanga chaima chobiriwira, ndipo pambali pawo njovu yatambasula chitamba ngati ikulandira mphatso. Mdala anachiyang'ana nthawi yaitali mpaka misozi inalengeza.

“Ku Mufulira kunalibe chotere,” ananong'ona.

Kenaka Friday anatulutsa chachitatu. Chinali chopendekeka, koma chilichonse chikuoneka mbee. Munda wagona pansi kuyambira kuno mpaka uko. Njovu ili pakati, wailesi m'mwamba. Ndipo kutsogolo kwenikweni, a Jeremiah akukwawa ndi manja ndi maondo, mbuyo yaloza kamera, nkhope yacheukira kuno pakamwa pali pululu. Thalauzi yatseguka ngati chitseko cha sitolo, ndipo mkatimo mukuoneka kabudula amene a Damaris anawasokera ndi thumba la ufa wa chithandizo wa chaka cha njala chija. Zilembo zake zikuwerengeka, inu! Mwana wa giredi thuu akhoza kuwerenga makilogalamu!

“Ichi ndiye cha agemu,” anatero a Damaris.

“Ichi palibe munthu adzachione ndili moyo.”

“Atate ake Tamala, a Fabian anati afuna kuona kuonongeka.”

“Kuonongeka kwa munda, osati kwanga!”

A Jeremiah anachibisa m'Baibulo, pa buku la Yobu, poti ndi pamene anaona kuti pakuyenera. M'mawa mwake anavala jekete la suti ndi thalauzi ina, n'kupita kukampu ndi chachiwiri.

A Fabian anachilandira, anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa. “Mudala! Ichi ndiye chithunzi! Zaka zitatu ndakhala ndikuuza anthu pamisonkhano kuti munthu ndi nyama angathe kukhala mwamtendere, palibe wondimvera. Manje taonani! Mukuidyetsa pamanja!”

“Sindikuidyetsa, bwana. Ikuba.”

“Wakuba mumamumwetulira chonchi? Nanga kuonongeka kuli pati? Chimanga chaima ngati asilikali pa perete. Pansi poyera, ngakhale ndowe imodzi palibe.”

“Akazi anga anasesa.”

“Anasesa?”

“Kunali kubwera wojambula, bwana.”

A Fabian anawayang'ana, n'kupukusa mutu. “Masikauti ndiwatumiza kwa amene akulira, mudala. Inu ndi Alamu mukumvana. Koma chithunzichi ndisiyireni, ndichikhome pabolodi.”

Ndipo mukhulupirire, a Jeremiah anabwerera opanda masikauti koma akuimba likhweru panjinga, poti chithunzi chawo chikhomedwa pabolodi ya boma. Likhwerulo linatha atafika kumunda. A Damaris anali atakhala pachulu, chitini pamiyendo, akuyang'ana mizere ina isanu imene inapita.

“Masikauti ali kuti?”

“Akuganizira.”

“Munapereka chiti?”

A Jeremiah anayamba kufufuza china chake m'thumba la jekete.

“Ndafunsa, munapereka chiti? Atate ake Tamala, mwezi wa Januwale ana akadzalira njala, tidzawaphikira chithunzi? Tidzathira mchere pa suti?”

“Nyazimba, munthu ndi ulemu. Njala imatha, manyazi satha.”

“Manyazi anapha lambe. Ine ndinasesa, ndalakwa, ndavomera. Inu munamanga luzi. Tonse ndife zitsiru, koma chitsiru chimodzi chiyenera kuchenjera chimanga chisanathe.”

Mdala anangoti nkhani yatha, iye ndiye mutu wa banja. A Damaris anangotola chitini chawo n'kunyamuka. Amuna inu, mkazi akasiya kuyankha musamati mwapambana.

M'mawa mwake linali tsiku la msonkhano wa amayi kutchalitchi. A Damaris anavala yunifomu, anatenga Baibulo, a Jeremiah akuona ndi maso awo, n'kuwauzanso kuti akawapempherere. Anadzera kwathu. “Tiye undiperekeze kwa agemu,” anatero. Ine ndinapita chifukwa cha chikondi cha pa mnzanga, osati kufuna kuona, ayi. Kungoti panjira ndinapempha kuti ndiwerengeko Yobu, ndipo ndinakhala pansi pakati pa msewu, ndikufa ndi phwete.

A Fabian atachiona anayamba ndi kutsokomola. Kenaka anatuluka panja, anakagwira mtengo wa mbendera, mapewa akugwedezeka. Anabwerera akupukuta misozi, anayang'ananso, anatulukanso. Ulendo wachitatu anakhala pansi n'kuphimba mbali ina ya chithunzicho ndi chikhatho kuti aone munda wokha. Kuseka kunatha.

“Mayi, zonsezi ndi njovu imodzi?”

“Imodzi. Ndipo chijambulireni yadyanso mizere yoposa makumi awiri.”

“Uwu ndiye umboni. Bwanji sanabwere nacho poyamba?”

“Chotsani dzanjalo, bwana, muona chifukwa chake.”

Tsiku lomwelo masikauti awiri anafika kumunda ndi mfuti yawo. Alamu atabwera anawaombera m'mwamba kawiri, nawonso anaona kuti pachibale palowa anthu ena, anawoloka mtsinje osacheuka. Chimanga chotsalacho chinauma bwinobwino, chinakololedwa, nkhokwe inadzaza kufika pakhosi. Banja limenelo silinagone ndi njala chaka chimenecho.

Koma a Fabian, Mulungu awakhululukire, anakhoma zithunzi zonse ziwiri pabolodi, ichi apa ichi apa. Anthu anachokera ku Tembwe, ena mpaka ku Kambombo, ati abwera kudzanena za anyani, chonsecho abwera kudzawerenga makilogalamu. A Jeremiah anadzitsekera m'nyumba masabata awiri. Kutchalitchi anatumiza uthenga woti ali ndi malungo. Sankalankhula ndi akazi awo, koma chakudya cha chimanga chomwecho ankadya, mbale kubwerera yoyera.

Sabata yachitatu anati zakwana. Anavala suti, thalauzi itasokedwa ndi ulusi wakuda, n'kupita kukampu kuti akachithothole ndi manja awo. Ine ndinali komweko, mwangozi chabe. Anapeza gulu pabolodi likugwa ndi phwete. Anthu atawaona anangopatuka. Anatsala mdala mmodzi wa ku Tembwe, wosawadziwa, mphuno yake ili pafupi kukhudza chithunzi. Iyeyo sankaseka. Sankayang'ananso kabudula. Ankayang'ana pakona yakumanja, pamene panatsala phesi limodzi loima.

“Koma anthu inu,” anatero mdalayo, “mukuseka zopanda pake. Taonani apa. Phesi limodzi, zimanga ziwiri, chilichonse ngati mkono wanga! Mwini munda uyu ndani? Amabzala mbewu yanji?”

Dzanja la a Jeremiah linali litakwera kale kuti lithothole. Linaima m'malere. Linatembenuka pang'onopang'ono, linapita pathumba, linasolola bolopeni. Anakonza kukhosi.

“Funso labwino, achimwene,” anatero, akuloza ndi bolopeniyo. “Choyamba ndi kakonzedwe ka mizere.”

Anaphunzitsa mpaka dzuwa kupendeka. Kuyambira tsiku limenelo, mlendo akafika kwawo samuonetsanso cha ku Mufulira. Amamukweza panjinga mpaka kukampu, n'kumuimika pabolodi. Mlendo akayamba kuluma milomo, iwo amati, “Apo musayang'anepo, imeneyo ndi ngozi chabe. Yang'anani pakonapa. Minda yonse ya Chifunda, Alamu anasankha wa yani? Nyama ija si yopusa. Imadziwa kwa mlimi.”

A Damaris nawo anatengapo phunziro lawo. Kumunda sasesanso, zimenezo analapa. Koma makabudula a amuna awo manje amasoka ndi nsalu ya m'sitolo, yamaluwa, chifukwa akuti sudziwa mbali imene kamera idzakupezere.